Chilombo changa cha sofubi chapirira kutentha kwa Okutobala

Nditangochilandira chidolechi ndinachitamanda kwambiri, koma chinthu chatsopano aliyense amachitamanda. Panopa chakhala pashelefu miyezi ndithu, chaona chisanu cha Juni ndi kutentha kwa Okutobala, ndiye ndinganene zenizeni.

Kwa amene simukuzidziwa, sofubi ndi zidole za ku Japan zopangidwa ndi vinyl wofewa (mtundu wa pulasitiki), zamphako m'kati. Kampani ya Marusan ndiyo idatchukitsa zilombo zoterezi m'chaka cha 1966, Godzilla ali m'gulumo. Itagwa mu 1968, ena mwa anthu ake adayambitsa kampani ina ya Bullmark mu 1969. Changachi si cha nthawi imeneyo ayi, zakalezo mtengo wake ndi wosayamba. Ndi chatsopano, cha kampani yaing'ono ya ku Tokyo yomwe imatsata kapangidwe kakaleko: mutu waukulu, mimba yotuluka, maso ngati akumwetulira.

Chimene chandigwira mtima m'miyezi yonseyi ndi utoto. Thupi ndi lobiriwira, koma pachifuwa anapoperapo wasiliva umene umka nuzirala polowera m'nthiti, ndipo pa dzino lina pali kadontho kofiira kamene kanadumphira kuchokera m'kamwa. Kadontho kameneko sindikufuna kachoke. Zidolezi amazipanga pamanja: amathira vinyl wamadzimadzi m'chikombole chachitsulo, kuchitenthetsa mpaka wa m'mbali agwire, kukhuthula wotsalayo, kenako n'kuzula chiwalocho chikadali chofewa. Mikono ndi mutu alibe sikuluu kapena guluu, amangolowetsana vinyl ali wotentha. Mpaka lero zimazungulira bwinobwino, sizinakhwepe ngakhale ana a mchemwali wanga amazipotokola akabwera.

Vuto lenileni ndi kutentha. Mu Okutobala mwendo wakumanzere unayamba kupindika pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwa thupi, mpaka chilombo chinkatsamira khoma. Ndinauviika m'madzi otentha, osati owira, ndinauwongola ndi manja, n'kuuika m'madzi ozizira kuti uume uli chiwongokere. Unabwerera mwakale ndipo sunapindikenso, chifukwa ndinachichotsa pafupi ndi windo. Dzuwa limafwifwitsanso utoto, choncho kumeneko sichidzabwererako.

Ena amasunga zidolezi m'jumbo yake yosatsegula, khadi lake lili pamwamba, kuti mtengo usatsike. Ine sindigwirizana nazo. Mankhwala amene amafewetsa vinyl amatuluka pakapita nthawi, ndipo m'jumbo yotseka amasowa kolowera, chidole chimayamba kunanda. Changa chimapuma mpweya, ndipo fumbi ndimangolitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Thinner kapena sipiriti musayerekeze, zimadya utoto. Musachigundikizenso kwa nthawi yaitali ndi zinthu za pulasitiki yolimba, mankhwala aja amatha kuisungunula pamene zakhudzanapo. Pakali pano utoto wangonyuka kunsonga kwa mchira, pamene umakhula thabwa.

Ndalama zake ndi zambiri, makamaka mukaphatikiza zotumizira kuchokera ku Japan. Amene akufuna chilombo chofanana ndendende ndi cha m'filimu, kapena choti mwana azisewera nacho pabwalo, agule zidole za kampani ya Bandai zotchedwa Movie Monster Series, zotsikirapo mtengo. Koma amene amakonda kuona dzanja la munthu pa chinthu chimene wagula, sofubi sangamukhumudwitse. Ine ndayamba kale kusunga ndalama ya chachiwiri, ndipo shelefu yake ndaikonzeratu kukhoma kumene dzuwa silifika.