Foni yatsopano yotsika mtengo, yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena kukonzetsa yakale?

Kuyambira pamene batire ya foni yanga inatupa mpaka kukankha galasi m'mwezi wa Okutobala chaka chatha, anzanga a kuntchito ndi a kutchalitchi akhala akundifunsa kuti munthu wa kuno ku Salima, foni yake ikayamba kuvuta, agule yatsopano yotsika mtengo, agule imene wina anaigwiritsapo kale ntchito, kapena akonzetse imene ali nayo. Za makamera ndi kukula kwa galasi sindinenapo kanthu, chifukwa wogulitsa aliyense pa Kamuzu Road anaziloweza kale pamtima.

Ndiyamba ndi yatsopano yotsika mtengo, popeza ndi imene inandipweteka. Ndinaigula m'sitolo ina ili m'bokosi lomata bwino, ndipo mwini sitolo anandipatsa kapepala kolonjeza kuti ikawonongeka chaka chisanathe adzaikonza ulele. Patangotha miyezi isanu, kutentha kwa kuno kunyanja kutafika pachimake, foniyo inayamba kutentha ngati mbaula ikakhala pa chaja, kenaka batire inatupa. Nditabwerera kusitolo anandiuza kuti iwo sakonza okha, koma ndipite nayo ku Lilongwe kwa amene amawapatsa katundu. Ulendo umenewo, wa makilomita pafupifupi 100, ndinauyenda kawiri pa ndalama zanga, tsiku la ntchito likupita pachabe, ndipo pa ulendo wachiwiri mpamene anandisonyeza mzere wa tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa kapepalako, wonena kuti lonjezo lija silikhudza batire. Nditawerengera ndalama za minibasi, chakudya cha panjira ndi batire yomwe ndinagula ndekha, ndinapeza kuti foni yotchipayo inali itadya ndalama zoti ndikanagulira ina yabwino. Batire yatsopanoyonso siinakwane bwino, chifukwa zipangizo za mtundu umenewo sizipezeka msanga, ndipo lero foniyo ili m'kabati.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachidziwa pambuyo pake. Ambirife timaganiza kuti foni imawononga chilengedwe pamene tikuitchaja, koma malipoti a makampani opanga mafoni, monga Apple, amasonyeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mpweya woipa wochokera ku foni imodzi amatuluka pa nthawi yoipanga, isanafike n'komwe m'manja mwa wogula. Pamakhala kukumba miyala ya mtengo wapatali, monga cobalt wa m'mabatire amene wambiri amachokera ku Democratic Republic of Congo, ndiponso mafakitale a ku Asia amene ambiri amayendera magetsi a malasha. Kuno magetsi athu ochuluka amachokera m'madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuyambira mu 2021 tili ndi magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 ku Nanjoka m'boma lathu lomwe lino, choncho kutchaja foni sikutulutsa utsi wambiri. Utsi wa foni yanga unatuluka kale kutsidya kwa nyanja, ndipo ine ndinaulipira kuti ndigwiritse ntchito chipangizocho miyezi isanu yokha.

Ena adzati foni imodzi n'chiyani. Mu 2022 dziko lonse lapansi linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera sizinafike gawo limodzi mwa magawo anayi. Kwathu kuno foni yakufa imathera kudzala kumene imawotchedwa pamodzi ndi mapepala, kapena m'chimbudzi. Zotsatira za kusintha kwa nyengo nazonso sitizimva pa wailesi pokha: namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi ankazima maola ambirimbiri, ndipo nsanja za netiweki zinkadalira majenereta a dizilo kuti ife tipitirize kutumizirana mauthenga pa WhatsApp.

Foni yogwiritsidwapo kale ntchito imapambana pa mbali imeneyi, chifukwa palibe fakitale imene ikuyatsidwa chifukwa cha inu. Kawirikawiri mumapeza mtundu wolimba pa mtengo wa yatsopano yosalimba. Vuto lake ndi lodziwika: batire imakhala itatopa, ndipo ina imakhala yobedwa kapena yokiyidwa ndi akaunti ya mwini wake woyamba. Musapereke ndalama musanaone wogulitsayo akuifufuta zonse pamaso panu, mwaikamo simu khadi yanu ndipo mwalandira lisiti.

Za mafoni a ngongole, amene amatsekeka mukaphonya kulipira, ndingonena kuti muwonkhetse kaye ndalama zonse za miyezi yonseyo musanasaine.

Mtima wanga uli pa kukonzetsa, ndipo sindibisa kuti ndikukondera. Nditakhumudwa ndi yatsopano ija, ndinatulutsa foni yanga yakale ya zaka zinayi, imene ndinaisiya chifukwa cha galasi losweka ndi pobayira chaja polobodoka. Mmisiri wina wachinyamata wa pamsika anaitsegula ine ndikuona, nandiuza kuti, "Bambo, iyi ndi yamoyo, mwangoitaya msanga." Anasintha galasi, pobayira ndi batire tsiku lomwelo, pa ndalama zosafika theka la zimene ndinataya pa inzake ija, ndipo batire yakale anaisunga yekha m'malo moti ndikaiponye kudzala. Chiyambireni kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa mtengo wa foni yatsopano ndi wa kukonzetsa sikulinso kochepa m'thumba la munthu wolandira malipiro a pamwezi.

Kukonzetsa kuli ndi malire ake. Ngati foni yasiya kulandira WhatsApp kapena mapulogalamu a banki chifukwa cha ukalamba, kapena inagwera m'madzi ku Senga Bay n'kuchita dzimbiri mkati, mmisiri woona mtima adzakuuzani kuti musataye ndalama, ndipo pamenepo ine ndingasankhe yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu umene zipangizo zake zimapezeka pa Kamuzu Road pomwepa. Yatsopano yotsika mtengo ndingaiganizirenso pokhapokha wogulitsayo atandilembera ndi dzanja lake kuti batire ikatupa adzaisinthira konkuno ku Salima.