Ndinalipira mapaundi 1,200 kuti ndizikaima kumbuyo kwa madokotala

Madokotala anzanga amene tinali limodzi ku College of Medicine, mafunso anu a za atachimenti (kukaonerera ntchito ya madokotala m'chipatala) ya kuno ku England andichulukira pa WhatsApp, ndiye ndiyankhe kamodzi. Za mayeso a Chingerezi a OET, mayeso a PLAB a madokotala ochokera kunja, ndi kulembetsa ku GMC, bungwe lopereka chilolezo kwa madokotala kuno, mukuzidziwa kale.

Nditakhoza PLAB 2 ku Manchester, aliyense ankandiuza kuti popanda kalata ya consultant (dokotala wamkulu, katswiri) wa konkuno, fomu yanga yofunsira ntchito m'zipatala za boma za NHS sadzaiyang'ana n'komwe. Mantha amenewo ndi omwe anandiperekeza kwa ajenti wina. Anatchula mapaundi 1,200 pa masabata anayi, nati zonse zili momwemo: malo, mapepala, ndi kalata yondichitira umboni pomaliza. Apa n'kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, moti ndinauza mlamu wanga kuti agulitse galimoto yanga.

Tsiku loyamba, ofesi ya chipatala inanditambasulira pepala lakelake la mapaundi 400. Nditamuimbira ajenti uja anayankha mosatekeseka kuti yake inali yongondilumikiza basi. Kenako achipatala anandiyeza magazi, za hepatitis B, TB ndi chikuku, mapaundi 180 ena. Anafunanso kalata ya kupolisi ya kumudzi, yomwe mkuluyu sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Ndinaidikira masabata atatu ndili m'kachipinda ka mapaundi 650 pa mwezi, viza ya mlendo ya miyezi 6 ikungodyeka. Pa viza imeneyi simuloledwa kugwira ganyu aliyense, ngakhale wotsuka mbale.

Tsono atachimentiyo ndi kuonerera, ndipo mumve bwino pamenepa. Sulemba mankhwala, sulemba m'fayilo ya wodwala, subaya jakisoni. Wodwala akakana kuti ukhalepo, umatuluka n'kukaima pakhonde. Ine amene ndachitapo maopaleshoni a amayi oyembekezera pachipatala cha boma usiku, nesi akundiunikira ndi tochi ya foni, ndinkayenda manja kumbuyo ndikutsatira mwana amene wamaliza sukulu chaka chatha. Zimaluma mumtima, koma sindiwanena, lamulo ndi lawo. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti oonerera tinalipo asanu pa consultant mmodzi, atatu mwa ife otumizidwa ndi ajenti yemweyo. Bwanayo ndinawaona katatu kokha, kenako anapita kutchuthi. Kalata imene ndinagulitsira galimoto inatuluka ya mizere iwiri, yongonena kuti ndinalipo kuyambira tsiku lakuti kufika lakuti. Nditapempha kuti awonjezereko, anandiuza mwaulemu kuti sangachitire umboni ntchito imene sanaione. Sananame. Ajenti uja pofika apa anali atasiya kuyankha foni.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandichitira chilungamo, mayi wina amenenso amathandiza madokotala akunja pa za mapepala. Ndinapita kwa iwo nditakonzeka kukongola kuti andipezere malo ena. Anakana ndalamazo. Anati zimene ndikufuna kugula ndingazipeze ndi imelo, ndingolembera ndekha ma consultant a m'zipatala zing'onozing'ono zakutali ndi mizinda ikuluikulu, kumene oonerera sapanikizana. Anandilipiritsa mapaundi 60 pondikonzera CV, n'kuthera pomwepo.

Ndinalemba maimelo opitirira 40, anayankha awiri. Mmodzi anandilandira m'katauni kena ka m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndinalipira zoyeza magazi zokha. Kumeneko ndinali ndekha. Anandipatsa audit (kafukufuku wa mmene ntchito ikuyendera m'chipatala) yoti ndichite, ndinakafotokoza za malungo aakulu pamaphunziro a madokotala achinyamata, ndipo ndinaphunzira zimene PLAB sikuphunzitsa, monga mmene amakambira ndi achibale za kusamutsitsimutsa wodwala mtima ukaima. Kalata yawo inali ya tsamba lathunthu.

Musaganize kuti ntchito inabwera mawa lake. Viza inatha, ndinabwerera kumudzi wapansi, ndipo ndinafunsira kwa miyezi 7 ndisanaitanidwe ku intavyu ngakhale imodzi. Pano zinthu zathinanso kuposa apo, chifukwa mu July 2025 boma la kuno linalengeza kuti pa malo ophunzirira ukatswiri liziyamba laganizira omwe anaphunzira udokotala konkuno.

Ndiye inu amene mwalemba kale kalata yosiya ntchito chifukwa wina wakulonjezani atachimenti, ing'ambeni. Tengani tchuthi. Puloti ya ku Chileka musaigulitse. Musanatumize ngakhale paundi imodzi, funsani dzina la consultant, kuti muliko angati, kuti chipatala chili ndi mtengo wake kapena ayi, ndiponso ngati bwanayo wavomera yekha kukulemberani kalata. Mayankho abwere olembedwa, kuchokera pa imelo ya chipatalacho, osati pa WhatsApp ya dobadoba. Ine galimoto ija mpaka lero sindinagule ina, ndimakwera basi.