Kuphwanya zinyalala za nyukiliya: fusion, fast reactor kapena accelerator?

Zinyalala za nyukiliya sizivuta mofanana. Ukali wa caesium-137 umatsika ndi theka pa zaka 30 zokha, pamene neptunium-237 imafuna zaka zoposa 2 miliyoni. N'chifukwa chake akatswiri akufuna kuwomba maatomu okhalitsawa ndi manyutironi (tizidutswa ta mkati mwa atomu) kuti asweke n'kusanduka zinthu zozilala msanga. Koma manyutironiwo achokere kuti?

Pa mphamvu ya manyutironi, fusion (kuphatikiza maatomu opepuka) ilibe mnzake. Deuterium ndi tritium, mitundu yolemera ya hydrogen, zikaphatikizana zimatulutsa nyutironi ya 14.1 MeV (muyeso wa mphamvu yake), pamene yobadwa m'riyakita wamba imakhala ya 2 MeV kapena chapomwepo. Nyutironi yotereyi imaswa maatomu okhalitsa ngati americium ndi neptunium mosavuta. Chimene chimandikopa kwambiri n'chakuti zinyalalazo zimayalidwa mozungulira makina a fusion mwanjira yoti sizingapitirize kusweka pazokha. Mukazimitsa makina, kuswekako kumaima, ngakhale kutentha kumatsalira.

Pali vuto limene ambiri amalilumpha. Kuphatikizana kulikonse kumadya tritium imodzi n'kubala nyutironi imodzi, ndipo nyutironi yomweyo ikufunika kuti ikamenye lithium n'kupanga tritium ina. Ndiye zinyalala ndi lithium zikulimbirana mbale imodzi. Manyutironiwa amafooketsanso makoma a makinawo, komanso ITER, riyakita yaikulu yoyesera fusion imene ikumangidwa ku Cadarache m'dziko la France, sinayambe n'komwe kugwira ntchito.

Fast reactor, riyakita yoswa maatomu ndi manyutironi othamanga, ndi yooneka ndi maso. Phénix ya ku France inagwira ntchito kuyambira 1973 mpaka 2009 ndipo anayeseramo kuwotcha americium. BN-800 ya ku Beloyarsk, Russia, ikupanga magetsi lero lino. Zoopsa zake n'zodziwika: sodium imene imaziziritsa riyakita imayaka ikakumana ndi madzi kapena mpweya, ndipo americium ikachuluka m'mafuta, riyakita imavuta kuiwongolera.

Accelerator, makina othamangitsa mapulotoni (tizidutswa tina ta mkati mwa atomu), ili pakatikati. MYRRHA, imene ikukonzedwa ku Mol m'dziko la Belgium, idzawomba mapulotoni pa lead ndi bismuth zamadzimadzi kuti manyutironi atuluke. Nayonso kusweka kumaima mukazimitsa, ndipo sifuna tritium, koma imadya magetsi ambiri.

Ine ndikanayamba ndi fast reactor, chifukwa zinyalala zilipo kale ndipo zikuunjikana. Komabe njira zitatuzi zimafuna kuti americium ndi neptunium zipatulidwe kaye m'mafuta ogwiritsidwa kale ntchito, pamene mafakitale ngati La Hague ya ku France amapatula uranium ndi plutonium basi. Caesium ndi strontium sizigonja kwenikweni ndi manyutironi, choncho zidzafunikabe manda akuya ngati Onkalo ya ku Finland, yokumbidwa m'thanthwe mamita oposa 400 pansi.