Makina odulira mapepala, zidindo ndi ma die: nyenyezi 4 mwa 5

Katundu uyu ndamupatsa nyenyezi 4 mwa 5. Nyenyezi yomwe ndachotsayo siikukhudza makinawo ayi, koma zinthu zina zomwe anaika nawo m'bokosi limodzi, makamaka inki, mapepala ndi kapepala ka malangizo.

Chomwe ndinagula ndi bokosi la anthu ongoyamba kumene kupanga makhadi a mafuno abwino pamanja. M'katimo munali makina odulira mapepala opukusa ndi dzanja, thabwa lochindikala, mapuleti awiri a pulasitiki woonekera, zidindo zamaluwa ndi zamawu, tizitsulo todulira tomwe amatitcha ma die, kabuloko koonekera komatapo chidindo, inki yakuda imodzi ndi mapepala ochepa oyeserera. Makina angawa si a kampani ya Sizzix, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi ka makina a kampaniyo otchedwa Big Shot, omwe opanga makhadi ambiri amawadziwa. Salira magetsi, ndipo kukamwa kwake ndi mainchesi 6, omwe ndi masentimita 15 ndi pang'ono.

Kwa amene simunaonepo, die ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi kamzere kotukuka mbali imodzi, kopindidwa mofanana ndi duwa, tsamba, mtima kapena chilembo. Kamzereko si kakuthwa ngati lumo, mutha kukasisita ndi chala osachekeka. Chomwe chimadula ndi kupanikiza. Mumayala puleti pathabwa lija, pepala pamwamba pake, die kamzere kake kakuyang'ana papepalalo, kenako puleti lachiwiri n'kuvindikira. Zonsezo mumazilowetsa pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira, ndipo mukamapukusa zimakokedwa mpaka kutulukira mbali inayo. Zikamadutsa pamamveka kaphokoso kakuti thyo thyo, koti munthu n'kuganiza kuti waphwanya china chake. Musachite mantha. Ndi chitsulocho chikuboola pepala n'kukaluma puleti, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pa makinawo ndilibe dandaulo. Ndi olemera ndithu, koma kulemerako ndiye ubwino wake chifukwa sayendayenda patebulo mukamapukusa. Chopukusira sichilimba, dzanja limodzi limakwanira pamene linalo likugwira pamwamba. Amadula moyera, m'mphepete mwa pepala simutsala tiulusi, ndipo m'mphepetemo mumapindikira pansi pang'ono, zomwe zimachititsa kuti kaduwa kodulidwako kaoneke komalizika bwino kusiyana ndi kodulidwa ndi sizasi.

Koma chomwe chandikondweretsa koposa, chomwenso ndikuona kuti ndiye chifukwa chenicheni chogulira bokosili, ndi kugwirizana kwa zidindo ndi ma die ake. Duwa lililonse lapachidindo lili ndi die yake yodula mozungulira duwalo. Aliyense amene anayesapo kudula chithunzi cha duwa la timasamba tambirimbiri ndi sizasi akudziwa mmene zimatopetsera maso ndi zala, ndiponso mmene mzere umakhotera ukafika m'tingodya. Apa mumadinda duwalo, kulipaka utoto, kuika die pamwamba pake mukusuzumira pakati kuti likhale bwino, kuimata ndi katepi kosagwira kwambiri kuti isasunthe, n'kupukusa. Duwalo limatuluka ndi kamzere koyera kozungulira, kofanana mbali zonse. Ndayesa zidindo zonse za m'bokosimo ndipo palibe ngakhale chimodzi chosemphana ndi die yake. Izi si zazing'ono, chifukwa die ikaphonya ndi milimita imodzi yokha diso limaona nthawi yomweyo, mbali ina kamzere koyera kamanenepa, mbali ina chitsulo chadya chithunzi.

Tepi ija musainyozere. Die yosamatidwa imasuntha pomwe puleti lapamwamba likutsika, ndipo ntchito yonse yopaka utoto imapita pachabe. Tepi yapepala yomwe amaitcha washi ndiyo yabwino, ndipo ngati ikugwira kwambiri muyambe mwaimata pansalu kaye kuti mphamvu yake ichepe, apo ayi imang'amba nkhope ya pepala poichotsa. Makina akaipanikiza imagwira kuposa mmene munaimatira.

Maluwa odulidwa chonchi amasintha kapangidwe ka khadi lonse. Mutha kuwasanjikiza, lina pamwamba pa linzake, kuwayesa apa ndi apo musanamate, ndipo lomwe mukufuna kuti lionekere kwambiri mumalikweza ndi katepi kathovu kuti lisiye kamthunzi pansi pake. Mukadinda molunjika pakhadi, chidindo chikapendama khadi lonse lawonongeka. Mukadinda papepala lapadera n'kudula, chotayika ndi kachidutswa kakang'ono basi. Kwa munthu wongoyamba, mwayi umenewu ndi umene umamulimbitsa mtima kuti apitirize.

Tsopano inki. Yomwe inali m'bokosimo ndi yamadzimadzi, ndipo pachidindo choonekera imaundana timadontho m'malo moyala bwinobwino. Zotsatira zake, chithunzi chimatuluka chamawangamawanga, mizere ing'onoing'ono n'kusowa, chakuda n'kuoneka chotuwa. Chondimvetsa chisoni n'chakuti wogula amene sakudziwa adzaganiza kuti vuto ndi dzanja lake kapena zidindozo, n'kugwa ulesi tsiku loyamba lomwelo. Zidindozo zilibe mlandu. Nditayesa ndi inki ina, zidindo zomwezo zinatulutsa mizere yonse, ngakhale timitsempha ta masamba.

Pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa apa, ndipo kapepala ka malangizo sikanena chilichonse pa zonse ziwirizo. Choyamba, chidindo choonekera chikakhala chatsopano chimakhala ndi kamafuta kotsala popangidwa, komwe kamakana inki. Chitsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, kapena chisisiteni mopepuka ndi labala yofufutira pensulo, kenako dindani kangapo papepala lopanda ntchito. Chachiwiri, inki zili mitundumitundu ndipo uliwonse uli ndi malo ake. Ina ndi yolowerera m'pepala ndipo imauma msanga. Ina ndi yokhuthala, imakhala pamwamba pa pepala, imachedwa kuuma koma imaonetsa bwino tinthu ting'onoting'ono. Pa mawu ndi pa zithunzi zomwe ndikufuna kupaka utoto wamadzi ndimagwiritsa ntchito VersaFine yakuda ya kampani ya Tsukineko, chifukwa ikauma madzi saisungunula. Ngati mumapaka ndi zolembera za spiriti monga Copic, inki yoyenera ndi Memento, ya kampani yomweyo, popeza spiritiyo saikoka. Mukasemphanitsa ziwirizi mizere yakuda imatha kusungunuka n'kudetsa utoto wanu.

Kadindidwenso kali ndi luso lake. Inki mumaigogoda pang'onopang'ono pachidindo, osaikhutiza. Podinda, tsitsani kabulokoko molunjika, kanikizani paliponse mofanana, dikirani pang'ono kuti inki ilowe, n'kunyamula molunjikanso. Mukagwedeza uku ndi uku mizere imabwera iwiriiwiri, ndipo mukakanikiza mopitirira chidindo chofewachi chimaphwatalala, zilembo n'kunenepa. Kabuloko ka m'bokosimo n'kabwino, kali ndi timizere tothandiza kuwongola mawu, koma n'kamodzi ndipo n'kakakulu, moti tizidindo ting'onoting'ono timavuta chifukwa ngodya za kabulokoko zimatola inki n'kukaisiya papepala. Amene ali ndi chida chodindira chotseguka ngati buku, monga MISTI, momwe pepala limagwiridwa ndi maginito, savutika ndi zimenezi, ndipo chithunzi chikatuluka chosakwanira amatha kudindanso pamalo omwewo ndendende. Sichinali m'bokosili ndipo sindikuwaimba mlandu pa icho, ndangochitchula chifukwa n'chothandiza kwambiri pa zidindo zikuluzikulu.

Mapepala oyeserera aja ndi opyapyala, khadi lopangidwa nawo silingaime palokha patebulo. Pa thupi la khadi funani pepala la magalamu 250 kufika 300 pa sikweya mita, nambala yomwe imalembedwa papaketi ndi zilembo gsm. Pepala lochindikala chonchi musalipinde ndi manja okha chifukwa limasweka pamsana. Yambani mwalemba kamzere kolowa ndi chinthu chobuntha motsatira rula, kenako pindani n'kusalaza.

Nkhani ya miyeso ndiyo inandikhumudwitsa kwenikweni. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, choncho lathunthu silingalowe m'makina a mainchesi 6. Mukalidula pakati mumapeza A5, ndipo mbali yake yaifupi ya mamilimita 148 imalowa bwino. A5 mukaipinda pakati mumapeza khadi la A6, la mamilimita 105 ndi 148, lomwe limakwana mu envelopu ya C6 ya mamilimita 114 ndi 162. Mpaka apa zonse zili bwino. Koma ma die a makona anayi a m'bokosimo, odulira timafelemu toyala pakhadi, anapangidwira muyeso wa ku America womwe amautcha A2, wa mainchesi 4.25 ndi 5.5, pafupifupi mamilimita 108 ndi 140. Khadi la A6 ndi lalitaliko ndiponso lopapatizako, ndiye felemuyo mukaiika pakati pamatsala malo ambiri pamwamba ndi pansi, m'mbali n'kuthina. Pabokosi sanalembepo zimenezi. Njira yake ilipo, mutha kudulako khadi lanu kuti lifupike, kapena kusiya dala malo pansi n'kudindapo mawu. Komabe wogula amayenera kuuzidwa asanalipire, ndipo inu musanagule ma die a mafelemu funsani kuti ndi a muyeso uti.

Mapuleti apulasitiki amakandika kuyambira pa kudula koyamba, ndipo pakapita nthawi amapindika. Ena amadandaula nazo m'ndemanga zawo, koma ine sindikuziwerengera ngati vuto la kampani, chifukwa makina onse a mtundu umenewu ndi mmene amachitira. Mapuleti ndi zinthu zotha, amagulidwanso. Kuti akhalitse, muziwatembenuza pafupipafupi ndipo musamadulire pakati pokhapokha. Ine ndimasunga limodzi kuti lizikhala lapamwamba nthawi zonse, losadulirapo, chifukwa puleti lokandika kwambiri limasiya zipsera zake papepala.

Ma die a zokongoletsa zothinana, onga zingwe zoluka, ndiwo amafuna kuleza mtima. Nthawi zina pakati sipadulika bwino. Mukatero bwezani chopukusira kuti zidutsenso kachiwiri, kapena sunthirani die chakumphepete kwa puleti komwe kupanikiza kumakhala kwamphamvu, kapenanso onjezani kapepala kolimba kamodzi pamwamba kuti pathine. Kamodzi kokha, osaunjika. Chopukusira chikakana, musachikakamize, bwezani m'mbuyo muone chomwe chachuluka. Tizidutswa totsalira mu die mumatitokosa ndi singano kudzera m'timabowo ta kumbuyo kwake. Zonsezi zikadakwana patsamba limodzi la malangizo, koma kapepala kawo kali ndi tizithunzi tosaoneka bwino popanda mawu ofotokoza.

Mawu a pazidindo ndi a Chingelezi okhaokha, ofunira munthu zabwino pa tsiku lobadwa, othokoza ndi opepesa. Ngati mukufuna kulemba m'chiyankhulo chanu kapena kuika dzina la wolandira, mufunika zidindo kapena ma die a zilembo, zomwe n'zogula padera. Ine ndikuona kuti n'zoyenera kuzigula msanga, chifukwa dzina la munthu likakhala pakhadi amadziwa kuti silinapangidwire wina aliyense koma iye. Anthu omwe ndawapatsa makhadi amenewa ambiri amawasunga, ndipo chomwe amatchula kawirikawiri si kukongola kwa duwa, koma kuti wina anakhala pansi n'kuwaganizira. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona chinthu chonga inki yoipa chikufooketsa munthu yemwe akadatha kupanga zimenezi.

Kodi n'koyenera kugula? Zitengera kuchuluka kwa makhadi omwe mudzapange. Ngati ndi limodzi kapena awiri pachaka, sizasi yabwino, rula ndi mpeni wodulira mapepala zikukwanirani. Koma ngati mumapanga ambiri, monga oitanira anthu kuukwati kapena othokoza gulu lonse, makinawa amatulutsa zidutswa zofanana ndendende popanda dzanja kutopa, ndipo apo phindu lake limaoneka msanga. Dziwaninso kuti ndalama sizithera pa makina. Die iliyonse imadula chinthu chimodzi chokha, ndipo chilakolako chogula ina yatsopano sichitha. Yambani ndi zomwe zimagwira ntchito paliponse, monga zozungulira zamiyeso yosiyanasiyana, zamakona anayi, masamba ndi zilembo. Ma die ang'onoang'ono amasowa mosavuta pakati pa zinyenyeswa za mapepala, choncho ndimawasunga papepala la maginito, ndipo ndimawawerenga ndisanataye zinyalala.

Kwa opanga bokosili, pempho langa ndi loti asinthe inki, alembe muyeso wa ma die pabokosi, ndipo aikemo malangizo olembedwa m'mawu. Akatero nyenyezi yachisanu ndiwapatsa. Kwa inu ogula, tengani bokosili, koma tsiku lomwelo gulaninso inki yakuda yabwino, paketi ya pepala lolimba ndi tepi ya washi.