Bampala yotuwa pa vani: Plasti Dip, penti, wrap kapena Raptor, tisankhe chiti?

Amene muli ndi ma vani ngati Transit, Sprinter, Transporter kaya Hiace vuto ili mukulidziwa, bodi imakhala ikadali bwinobwino penti akuwala koma bampala ndi timapulasitiki ta m'mbali tija tatuwa mbuu, galimoto yonse nkumaoneka yotopa pomwe injini ili gwa. Ndiye funso lomwe limabwerabwera ndi loti tipopere labala wosendeka wotchedwa Plasti Dip kapena tichite zina. Yankho langa ndi loti labala uja ndi wabwino ndithu koma osati paliponse, ndipo ambiri amamugula chifukwa choti amasendeka pomwe malo omwe akufuna kupoperawo sadzafuna nkomwe kusendapo.

Tiyambe ndi pulasitikiyo kaye chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mabampala akuda osapenta aja ambiri ndi a pulasitiki yotchedwa polypropylene, nthawi zina yosakaniza ndi labala wotchedwa EPDM, mukasuzumira kuseri kwake mupeza chidindo cholembedwa >PP< kapena >PP+EPDM<. Dzuwa limadya kakhungu ka pamwamba nkukasiya kofumbutuka, ndiko kutuwa kuja, mukakanda ndi chikhadabo mumaona kamzere koyera. Komanso pulasitiki imeneyi simafuna kugwirana ndi chinthu, penti wamba amangokhala pamwamba osaluma, ndiye chilichonse mungasankhe pansipa chikulimbana ndi khalidwe limeneli.

Labala wopopera, amene aliyense amangomutcha Plasti Dip ngakhale alipo a makampani ena ngati Peel Coat wa Rust-Oleum, Foliatec ndi Full Dip. Plasti Dip weniweniyo amapangidwa ku Minnesota ku America, anayamba mu 1972 ndipo poyamba anali woviikamo zogwirira za mapulayasi ndi zida zina, za magalimotozi zinabwera pambuyo. Ubwino wake waukulu, sufunika sandipepa, sufunika primer (penti woyamba wa pansi), ukalakwitsa umadikira aume nkusenda kuyambiranso. Kwa munthu amene sanagwirepo chitini chopopera imeneyo si nkhani yaing'ono ayi. Amatuluka wakuda wosawala, ofanana kwambiri ndi mmene pulasitiki inalili ili yatsopano, ndipo kachitini kamodzi ka magalamu 311 kamakwana tizinthu ting'onoting'ono koma bampala ya vani ndi yaikulu abale, kamodzi sikangakwane olo pang'ono, gulani zingapo musanayambe kusiyana ndi kuthera panjira.

Nayi nkhani yomwe ndimafuna aliyense aimve. Kusendeka kuja kumabwera ndi kukhuthala. Mukapopera maulendo 5 kapena 6 labala amakhala chikhungu chimodzi, mumatukula pakona ndi chala nkukoka chonse chikutanuka chikubwera ngati njoka yofundula. Koma mukaumira nkupopera kawiri basi chifukwa mtundu wagwira kale ndipo zikuoneka bwino, tsiku lodzasenda mudzalira, amaduka tizidutswa tating'onoting'ono tokakamira ndiye mumakhala tsiku lonse mukutokosa ndi zikhadabo. Ndipo pa pulasitiki yokhakhala ija, yokhala ndi timabowo tosaoneka bwino, labala amalowa m'timabowomo ndiye kusenda kumavuta kuposa pa penti wosalala kapena pa chrome. Tsono dzifunseni, bampala yotuwa kale ija mudzafuna kuionanso? Ngati ayi ndiye kuti ubwino waukulu wa labalayu simudzaugwiritsa ntchito, mwangotsala ndi zofooka zake.

Zofooka zake ndi izi. Petulo amamusungunula, ndiye kapulasitiki kali pansi pa pothirira mafuta kamachita mizere yonyansa akangodonthera, dizilo nayenso si bwenzi lake. Kukhulika sapirira, ndipo apa ndi pomwe vani imasiyana ndi galimoto yaing'ono, chifukwa bampala ya kumbuyo ya vani ndi chopondera, anthu amakwerapo ndi nsapato zamchenga, makatoni ndi mabokosi a zida amakhwekhwerezedwa pomwepo tsiku ndi tsiku, labala akangong'ambika pamodzi madzi amalowa pansi nkuyamba kufutukuka. Makina otsukira a mphamvu aja mukawalozetsa pafupi m'mphepete amamutukulanso. Kutentha kokha ndiye sikuvuta, kampaniyo imati amapirira kuyambira -34 mpaka 93 digiri Celsius, ndiye dzuwa la masana silimusungunula koma pakapita nthawi amayamba kusuluka komanso kugwira fumbi chifukwa khungu lake ndi lokakamira pang'ono, ndipo akakhalitsa zaka padzuwa amauma osasendekanso bwino ngati poyamba.

Pomwe amachita bwino kwambiri ndi pa girilo ya kutsogolo, zikuto za magalasi a m'mbali, zilembo ndi chizindikiro cha galimoto, timizere ta chrome tomwe mukufuna tide, ndi bampala yopentedwa yosalala ngati vani ndi ya kampani kapena yobwereka yoti mudzabweza ili mmene munaitengera. Apo amagwira ntchito bwino ndithu. Pa zilembo zija mpaka nzosangalatsa, mumapopera zilembo pamodzi ndi bodi yozungulira, akauma mumasenda wa pabodiyo ndipo amadukira yekha m'mphepete mwa chilembo chilichonse, zotsalira m'kati mwa zilembo mumachotsa ndi kachotokosera m'mano.

Kapoperedwe kake mwachidule: tsukani ndi sopo wochotsa mafuta ndi bulashi yolimba, pukutani ndi isopropyl alcohol, muumitse mpaka m'timing'alu momwe chifukwa kadontho kamodzi kobisala kamatuluka nthawi yomwe mukupopera nkusiya chithuza. Ngati munkapakapo polishi wa matayala kapena wa dashibodi tsukani kangapo, silicone ali mmenemo ndi mdani wa chilichonse chomata. Chitini chikhale m'madzi ofunda kwa kanthawi, ofunda osati otentha, chikhutchumuleni mokwanira, imani pa mtunda wa masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Ulendo woyamba ungowaza pang'ono pulasitiki izionekerabe, enawo akhale onyowa bwino koma osayenderera, pakati pake muzidikira mphindi 30, mukamaliza musiyeni maola 4 osakhudza, kutsuka ndiye dikirani masiku angapo. Mukaima patali amaumira m'malere nkugwa ngati mchenga, bampala nkukhala yokhakhala. Ndipo tepi yomwe yagundana ndi labala ichotseni ulendo womaliza ukadali wonyowa, mukadikira aume tepi imakoka ndi labala yemwe.

Tsopano mpikisano wake weniweni pa pulasitiki yotuwa ndi penti wa bampala, amene amalembedwa kuti bumper and trim paint, monga wa SEM kapena wa Dupli-Color. Uyu ndi wopyapyala, amatsata kukhakhala kwa pulasitiki osakukwirira, ndiye akauma munthu sangadziwe kuti papentedwa, amangoona ngati bampala ndi yatsopano. Ntchito yake ndi yambiri pang'ono, kutsuka komweko, kukwecha ndi kasiponji kokwechera kuti kakhungu kofa kachoke, kenako adhesion promoter, ameneyu musadumphe chonde, ndi amene amagwirizanitsa penti ndi polypropylene, popanda iye penti amakanuka ngati mamba pakangopita miyezi. Akagwira bwino amakhalitsa kuposa labala, petulo wongodontha nkupukuta msanga samuvutitsa kwambiri, amatsukika mosavuta, ndipo akakandika mumangopoperanso pamalo pomwepo. Kuipa kwake nkumodzi, palibe kubwerera m'mbuyo, akayenderera ndiye kuti sandipepa, ndipo pa pulasitiki yokhakhala sandipepa amasalaza pamalopo nkusiya chigamba chooneka. Komabe kwa vani yanu yanu yoti mukhala nayo, timapulasitiki ta m'mbali ndi bampala ya kutsogolo ine ndingasankhe uyu osaganiza kawiri.

Musanafike kopopera konseko pali njira yofatsa yomwe ambiri amaiderera, mankhwala opaka obwezeretsa kuda. Apa musasokoneze ndi polishi wonyezimira uja wotha ndi mvula yoyamba. Ndikunena zinthu ngati Solution Finish yomwe ili ndi utoto wakuda wolowa mu pulasitiki, kapena Gtechniq C4 ndi Cerakote zomwe zimauma nkukhala kakhungu kolimba kosaoneka. Mumapaka ndi kansalu kapena kasiponji, palibe kumata manyuzipepala galimoto yonse, palibe kuopa mphepo, ola limodzi mwamaliza. Ngati pulasitiki yangosuluka koma sinafumbutuke kwambiri yambani ndi izi, zikakanika mwataya zochepa. Zimafuna kubwereza pakapita nthawi, ndipo pa bampala yoti yayera ngati choko zimatuluka mawangamawanga. Chinanso kumbukirani kuti mukadzaganiza zopenta pambuyo pake mudzayenera kutsuka kwambiri kuti zotsalira zake zichoke.

Za heat gun, kachipangizo kouzira mpweya wotentha kwambiri, ndisachedwepo. Inde mukayendetsa mpweya wotenthawo pa pulasitiki yotuwa imada pomwepo maso akuona, nchifukwa chake mavidiyo ake amakopa anthu pa YouTube, koma chomwe chikuchitika nchoti mukusungunula kakhungu ka pamwamba, polypropylene imasungunuka cha m'ma 160 digiri ndipo heat gun imapitirira pamenepo kutali. Kutuwa kumabwerera, nthawi zambiri mwa mizeremizere, pulasitiki imanka iuma nkumasweka msanga, ndipo dzanja likangochedwa pamodzi pamasalala nkuwala mpaka kalekale. Musatero.

Wrap, yomwe ndi sitika yaikulu ya vinyl ngati 3M 2080 kapena Avery Dennison SW900, ndi imene imapikisana ndi labala pa nkhani yosendeka. Pa bampala yopentedwa yosalala wrap imaposa labala pa maonekedwe, imasalala bwino, mitundu ndi yambirimbiri mpaka yowala ngati penti, imatsukika bwino. Koma pa pulasitiki yokhakhala iwalani, guluu wake amangogwira pansonga pa timatuza tija, m'mphepete mumayamba kutukuka posakhalitsa. Komanso bampala ili ndi makona, mabowo a ma fog light, mapindikidwe ovuta, kuimata popanda makwinya kumafuna dzanja lozolowera ndi moto woyezera, pomwe labala salabadira kuti chinthu chapindika bwanji, amangofika paliponse pomwe mpweya wafika. Ndiye pa kamzere kowongoka ka chrome wrap, pa girilo ya timipata tambirimbiri labala.

Chotsala ndi chopondera cha kumbuyo chija chomwe ndati labala sangachithe. Apa ndi malo a bed liner, penti wokhuthala wopangira kumbuyo kwa ma pickup, wodziwika kwambiri ndi Raptor wa kampani ya U-POL. Ndi polyurethane wosakaniza ziwiri, magawo 3 a penti ndi gawo limodzi la hardener (mankhwala olimbitsa penti), mukasakaniza muli ndi pafupifupi ola limodzi asanayambe kulimba ndiye zonse zikhale zokonzeka kale. Akauma amakhala gwa, wokhakhala, nsapato siterereka, mabokosi amakhwekhwerezeka osasiya kanthu, mafuta samusungunula, ndipo amabisa mikwingwirima ndi zokandika zakale zomwe penti wopyapyala amazionetsa. Nayenso pa pulasitiki amafuna kukwecha ndi adhesion promoter. Koma maonekedwe ake si a aliyense, amaoneka a ntchito, a galimoto ya kutchire, ndipo kumuchotsa ndi nkhondo yoti bola kugula bampala ina. Chachikulu chomwe ndikupemphani, hardener wake ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amawononga mapapo ndipo angakuyambitseni mphumu yosatha, kamasiki ka nsalu kapena ka pepala sikathandiza chilichonse apa, pezani chophimba kumphuno chenicheni cha opopera penti, magolovesi, ndi malo opita mphepo. Labala nayenso ngakhale amaoneka wofatsa fungo lake ndi la mankhwala oyaka moto, musapopere m'galaja yotseka kapena pafupi ndi munthu wosuta.

Ngati bampala yanu ili ndi masensa oimikira galimoto, timabatani tozungulira tija, tichotseni kapena timateni tepi musanapopere labala kapena Raptor, chikhungu chokhuthala chimawasokoneza nkumangolira popanda chinthu kumbuyo. Chimodzimodzi kamera, magetsi, ndi chikuto cha radar kutsogolo pa ma vani atsopanowa.

Ndiye palibe chifukwa chokakamira chinthu chimodzi vani yonse. Chopondera Raptor, bampala ya kutsogolo ndi timapulasitiki ta m'mbali penti wa bampala kapena mankhwala opaka ngati sizinafike poipa, girilo ndi zilembo labala. Chokhacho samalani nacho nchoti kuda kwa zinthuzi sikufanana, wina amawala pang'ono wina ayi, ndiye zigawo zoyandikana ngati kona ya bampala ndi pulasitiki ya pamwamba pa tayala zipakeni chinthu chimodzi, ndipo yesani kaye kuseri kwa bampala kapena pansi pomwe sipaoneka, mudikire ziume muone padzuwa musanapite kutsogolo.