Kashopu ka makompyuta ka pa Chitakale komwe sathamangira kufomata

Amene muli ndi laputopu kuno ku Mulanje mukudziwa mmene zimakhalira, kompyuta ikangoyamba kuvuta, kaya ikuchedwa kuyaka kaya yabweretsa sikilini ya buluu ija, mukapita nayo kwa okonza mawu oyamba ndi oti tiifomate basi. Mulipire, mapulogalamu anu onse apite, Office muikenso, pirinta muikenso, pakangotha miyezi ingapo mwabwereranso konko ndi vuto lomwelo. Ndiye ndati ndilembeko za kashopu kena ka pa Chitakale, kali chakuseri kwa magolosale mbali ya msewu wopita ku Limbuli, chifukwa mnyamata wa pamenepo kagwiridwe kake ndi kosiyana ndipo anthu ambiri sakumudziwa.

Ine ndili ndi kabizinesi kotayipa ndi kupirinta, ma CV, makalata a mpingo, mayeso a ana a sukulu, malipoti a makalabu a alimi a tiyi, ndiye laputopu ndi khasu langa, ikafa tsiku limenelo ndiwo kulibe. Inasokonekera munthu wina atandiikira driver ya pirinta (kapulogalamu kothandiza kompyuta kugwira ntchito ndi pirintayo) yomwe anaidawunilodi pa intaneti. Ikayaka imafika pa chizindikiro cha Windows, kenako buluu, iyambirenso, choncho choncho mpaka kutentha.

Shopu yake ndi kachipinda kamodzi, benchi ya makasitomala, tebulo lodzadza malaputopu otsegula mmimba, ma chaja apiringizana pa ekisitenshoni imodzi, tizisukulu tasungidwa mu chivindikiro cha botolo kuti tisasowe. Asanaigwire nkomwe anandifunsa kuti, "Amayi, chinthu chomaliza kuikidwa muno isanayambe zimenezi ndi chani?" Funso limeneli palibe wokonza anandifunsapo. Nditamuuza za pirinta anangoisiya ilephere kuyaka kangapo mpaka Windows inalowa yokha mu Automatic Repair, anadina Troubleshoot, Advanced options, kenako System Restore. Koma munalibe restore point ngakhale imodzi, kutanthauza tsiku losungidwa loti nkubwezerako Windows, poti System Restore yo inali yozima chigulireni laputopuyo. Analowera ku Safe Mode, komwe Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha, nkuchotsa driver ija pamanja, inayaka bwinobwino, palibe fayilo inasowa. Akanatha kulandira ndalama yake pompo ine nkumapita, koma anati khalani kaye pansi tiikonze kuti ulendo wina muzidzithandiza nokha.

Kwa amene simukuidziwa, System Restore yakhala mu Windows kuyambira 2000 pa Windows Me, sizatsopano ayi. Ntchito yake imasunga mmene Windows inalili pa tsiku lakutilakuti, ma driver, registry (komwe Windows imasunga ma setting ake), mafayilo a sisitimu ndi mapulogalamu amene munaika, ndiye zikasokonekera mumaibwezera ku tsiku lomwe inali bwino. Tsiku losungidwalo ndiye restore point. Vuto ndi loti pa makompyuta ambiri a Windows 10 imakhala yozima, makamaka malaputopu a kaunjika amene timagula atafomatidwa kale mtauni, ndipo wogulitsa sakuuzani.

Kuyatsa kwake anandionetsa ndikuona, sanabise ngati mmene ena amachitira kutembenuza sikilini. Pa Start mulembe Create a restore point, itsegule System Protection, musankhe C, mudine Configure, kenako Turn on system protection. Pansi pake pali kokokera ka Max Usage, malo amene mukuipatsa pa hadi disiki. Yanga ndi ya 256GB, anaipatsa 5%, akuti mukaipatsa malo ochepa kwambiri imafufuta ma restore point akale msangamsanga kuti ipeze posungira atsopano, mudzapeza kuti tsiku mukulifuna lija kulibe.

Apa okonza ambiri amathera pomwepa, ngati afikapo nkomwe. Ikayatsidwa, Windows imapanga yokha restore point isanaike ma apudeti kapena ma driver ena, koma sikuti tsiku lililonse, nthawi zina mumapeza yomaliza ndi ya sabata yatha kapena kupitirira apo. Kwa munthu ngati ine amene mafulashi a anthu amalowa ndi kutuluka tsiku lonse, sabata ndi kale kwambiri. Ndiye anatsegula Task Scheduler, pulogalamu ya mu Windows yoyendetsa ntchito yokha pa nthawi yomwe mwaiuza, nkupanga task yoti izipanga restore point tsiku lililonse mmawa. Anachonga Run with highest privileges, akuti popanda pamenepo imakana mwakachetechete, pa Actions anaika powershell.exe ndi lamulo la Checkpoint-Computer lomwe limapanga restore point, dzina lake analemba Tsikulililonse kuti ndiziazindikira pamndandanda.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi, ndipo mukapita kwa wokonza wina aliyense mumufunse. Mu Task Scheduler pa Conditions pali kabokosi kakuti Start the task only if the computer is on AC power, kamabwera kochongedwa kale. Tanthauzo lake laputopu ikakhala pa batire task ija siyenda. Kumayiko a eni ake mwina zilibe kanthu, koma kuno magetsi amatha kuzima mmawa nkubwera madzulo, nyengo ya mvula kapena chiperoni chikabwera ndi mphepo ndiye osanena, laputopu yanga masiku ambiri imayamba ntchito ili pa batire. Mungakhale mukuganiza kuti zonse zili bwino pomwe mwezi wonse palibe restore point yapangidwa. Iye anachotsa kachongi kameneko, nkupita pa Settings kuchonga Run task as soon as possible after a scheduled start is missed, kuti ngati nthawi yake yakwana kompyuta ili yozima, ikangoyaka ipange. Uyu ndi munthu woti akudziwa komwe tikukhala, sanangokopera za pa YouTube.

Anandiuzanso za lamulo la maola 24. Kuyambira Windows 8, ngati restore point inapangidwa kale mkati mwa maola 24, task ngati imeneyi imangodumpha osapanga ina. Zimasinthika mu registry, pamaikidwa SystemRestorePointCreationFrequency nkuipatsa 0, iye anandiikira koma anati mu registry musamalowemo nokha amayi, ndipo ndikugwirizana naye, mmenemo mukalakwitsa chilembo chimodzi mwaputa mavuto ena.

Kodi zikugwira? Eya. Mwezi watha kasitomala anandipempha ndiike kapulogalamu kosinthira PDF kukhala Word, katangolowa sikana inasiya kuoneka ndipo bulawuza inayamba kutsegula masamba achilendo yokha. Ndinalemba rstrui pa Start kuti System Restore itseguke monga anandiphunzitsira, mndandanda unabwera masiku ali ndandanda, ndinasankha la dzulo lake, ndinadina Scan for affected programs inandionetsa kuti kapulogalamu kaja ndi kamene kachoke, Finish. Inatenga mwina theka la ola ikuzungulira, mtima uli mmwamba, kenako inayaka sikana ikugwira, ntchito yomwe ndinatayipa mmawa womwewo ili pomwepo pa Desktop. Ndalama ya kabaza sindinaononge, ya wokonza sindinaononge. Chenjezo lake ndi loti batire ikhale yodzadza musanayambe, ikazima pakatikati mutha kuononga zambiri.

Koma abale tisanamizane, ndipo mnyamatayu ananena yekha mosabisa, restore point si bakapu. Sikhudza ma document anu, zithunzi, nyimbo, ndiye mukafufuta lipoti la kasitomala musayembekeze kuti System Restore ilibweza. Komanso imasungidwa pa hadi disiki yomweyo, disiki ikafa kapena laputopu ikabedwa zapitira limodzi. Vairasi ya mmafulashi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut nayo musadalire kuti ithera pamenepa, ma vairasi ena amafufuta dala ma restore point. Zofunika zanu ziponyeni pa fulashi ina kapena Google Drive bandulo ikalola. Amene muli pa Windows 11 24H2 dziwaninso kuti kuchokera pa apudeti ya June 2025 ma restore point amasungidwa masiku 60 okha, akale kuposa apo amachoka. Ndipo kompyuta ikasamuka kupita ku Windows yatsopano, monga ambiri akuchokera pa 10 kupita pa 11 poti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ma restore point akale amafufutika, muyenera kuonanso ngati System Protection idakali yoyatsa.

Zosandisangalatsa zilipo. Ali yekha, akaitanidwa kukakonza makompyuta ku maofesi kapena ku esiteti amangokhoma chitseko, pakhomo palibe kapepala konena kuti abwera nthawi yanji, foni nayo nthawi zina sayankha, munthu wochokera ku Muloza kapena ku Likhubula kuononga thiransipoti nkupeza loko zimawawa. Lisiti sapereka pokhapokha mutaumirira, ndinamuuza kuti achimwene gulani kabuku ka malisiti, anthu akusiya katundu wodula pano. Amalankhulanso mothamanga akamafotokoza, muzimuimitsa, sakwiya, ine ndinajambula sikilini iliyonse ndi foni kuti ndikaonenso kunyumba. Benchi ndi imodzi, kumapeto kwa mwezi anthu amaima panja.

Mtengo anandilipiritsa wochepera kusiyana ndi umene ndimalipira pofomata, za restore point sanaonjezere kanthu, ndipo amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Mukamapita tengani chaja yanu, pasiwedi ya akaunti ya administrator mukhale mukuidziwa chifukwa popanda iyo task ija siingapangike, ndipo pitani mmawa asanatuluke. Pakatha masiku angapo lembani rstrui muone ngati masiku akuonjezekera pamndandanda, ngati pali tsiku limodzi lokha lija la ku shopu bwererani akaone pa Conditions paja.