iASL ndi chida chodalirika, koma si ziro aliyense amene ali wolakwika

Kwa anzanga okonza makompyuta, iASL, pulogalamu yomasula ndi kumanga matebulo a ACPI (mmene laputopu imafotokozera Linux kapena Windows za zipangizo zake), ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndi yaulere, imapezeka mu acpica-tools pa Ubuntu, ndipo ndi yaing'ono moti bandulo siitha poitsitsa. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa shopu yanga ku Chitakale, makamaka pa malaputopu akale amene aphunzitsi ndi makalaliki a m'maesiteti a tiyi amabwera nawo: ena batire silioneka pa Linux, ena akagona sadzukanso. Umakoka matebulo a ACPI ndi acpidump -b, n'kumasula DSDT (tebulo lalikulu mwa amenewa) ndi iasl -d kuti likhale khodi yowerengeka, n'kukonza pofunika, kenako n'kumanganso.

Pomanganso m'pamene pali nkhani. Kuyambira 2010, iASL imayeza manambala a malo a memory amene chipangizo chilichonse chikupempha. Lamulo lake ndi lomveka: ngati poyambira ndi pothera palembedwa MinFixed ndi MaxFixed (kutanthauza kuti sipasuntha), Length, kumene kuli kukula kwa malowo, ikhale pothera kuchotsa poyambira, kuwonjezera 1. Zikasemphana, imakana kumanga. Izi zandithandiza kwambiri, chifukwa zolakwika za mtundu umenewu ndi maso okha sungazione.

Koma pali manambala ena amene opanga laputopu amawasiya pa ziro mwadala. Laputopu ya mphunzitsi wina wa ku Limbuli inandipatsa uthenga wakuti "Invalid combination of Length and Min/Max fixed flags" pa DWordMemory (mzere wopempha malo a memory) ya PCI0, pamene zipangizo zambiri za m'laputopu zimalumikizikira. Nditatsika pang'ono mu _CRS, gawo la khodi louza Linux malo amene chipangizo chikugwiritsa ntchito, ndinapeza CreateDWordField (lamulo lolola khodi kulembapo nambala) ikuloza pa Length yomweyo, imene inali ziro, ndipo mizere yotsatira inkawerengetsa nambala yeniyeni makina akayaka, kutengera pamene RAM yathera. Ukawonjezera RAM, nambalayo imatha kusintha. Ziro ameneyu ali ngati mzere wosalembapo pa fomu, woyembekezera mwini wake adzalembe yekha.

Olemba chidachi ankaidziwa nkhani imeneyi. Manambala onse akakhala ziro koma malowo ali ndi dzina loti khodi idzawapeze nalo, iASL imalola. Dzina likasowa imadandaula, ndipo kudandaulako n'koyenera, pakuti palibe chodzadzaza malowo. Nyenyezi yachisanu ndaisunga chifukwa cha zapakatikati ngati za mphunzitsiyu, pamene Length yokha ndiyo ili ziro koma pothera palembedwa. Apa imakanabe, ngakhale makinawo akhala akuyenda bwino zaka zambiri.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi iasl -cr, imene imazimitsa kuyezaku. Ineyo siikonda, chifukwa imatseka maso pa fayilo yonse, zolakwika zenizeni n'kudutsira pomwepo. Chimene ndimachita n'kutsatira dzina lija mpaka nditatsimikiza kuti _CRS imalembapo nambala ina nthawi zonse. Pokhapo ndimaika Length yogwirizana ndi lamulo kuti fayilo imangike. Ngati palibe cholembapo, chonde musangosintha nambala kuti uthenga uchoke, mukhoza kupatsa chipangizo malo a chinzake pa laputopu ya kasitomala.

Dziwaninso kuti iASL imaona zolembedwa zokha. Zimene makina adzawerengetse akayaka siingaziyeze, ndiye ndikaika tebulo latsopano kudzera mu initrd (fayilo imene Linux imayamba kuwerenga poyaka) ndimaonanso mauthenga a Linux mu dmesg ndi mndandanda wa malo a memory mu /proc/iomem. Musaiwale kukweza nambala ya OEM revision, yosonyeza kuti tebulolo ndi latsopano, apo ayi Linux idzagwiritsabe ntchito tebulo lakale lija.